Nkhono ya Amalume

Ndili ndi makope anayi amene sindionetsa munthu. Ndinayamba kulembamo ndili Sitandade 7, chifukwa mawu amachedwa kutuluka pakamwa panga, ndipo akamatuluka anthu amakhala atapita kale pa nkhani ina. Kwathu ku Nazombe amanditcha bongololo, ati ukangondikhudza ndi funso ndimadzipinda. Zimene ndikulemba panozi ndazitola m'kope lachitatu, la chikuto chobiriwira.

Amalume, achimwene awo a amayi, anabwerera kumudzi atakhala zaka zambiri ku Mozambiki. Kumeneko ankaphwanya miyala ya laimu paphiri lina la kufupi ndi gombe, ndipo fumbi lake linawasiyira chifuwa chimene sichinathe mpaka lero. Anabwera ndi chikwama chimodzi, bokosi la masipanala, ndi mwala. Anamanga kanyumba kuseri kwa nyumba yathu, n'kuyamba kumata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango. Anali munthu wa nkhani. Wobwera ndi njinga yophulika ankachoka mochedwa, chubu chitauma kalekale, akumverabe za sitima zapamadzi zotalika ngati munda wathu. Ine ndinkakhala chapatali ndikusenda chinangwa, makutu ali komweko.

Mwalawo unali wodzaza manja anga awiri, wotuwa mopita ku chikasu. Mbali imodzi unali mwala wamba. Ukautembenuza, unkaona chinthu chodzipinda bwinobwino, chozungulira kulowa m'kati, chokhala ndi timizere todutsa ngati mizere ya m'munda ukaiona uli paphiri. Cha kumapeto kunali kobenthuka, ndipo m'katimo munkaoneka tizipinda, tina todzaza ndi tinthu tonyezimira ngati shuga. Tsiku loyamba kuuona amalume anandiseka, nati, "Taona, mnzako uyu. Nayenso anadzipinda, sanadzipindulenso."

Vuto linayamba nthawi yopuntha nandolo. Tsiku limenelo pabwalo pathu panali anthu ambiri odzathandiza, ena ndi ndodo, ena ndi malichero. Popuma, amalume anatulutsa mwala uja n'kufotokoza mmene anaupezera. Anati anamenya chimwala ndi hamala pamwamba penipeni pa phiri, chimwalacho chinang'ambika pakati, ndipo m'kati munali nkhonoyi. Anati kuchoka paphiripo kukafika pamadzi ndi ulendo wa theka la tsiku. Anati kapitawo wawo, munthu wophunzira, anawauza kuti kalekale phiri lonselo linali pansi pa ephareya. Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo, choncho ndinawasunga m'mutu kuti ndikawalembe.

Aneba athu, mayi a lilime lothamanga amene nyumba yawo ili tsidya la msewu, anaika lichero pansi. "Ndiye nkhonoyo inakwera phirilo pa kabaza?" anafunsa. Anthu anaseka. Wina anati mawa tilawirire ku Michesi ndi ukonde, mwina pamwamba pake pali matemba. Amalume anayesa kupitiriza koma chifuwa chinawagwira, ndipo pamene ankatsokomola anthu anali akusekabe.

Anthu atapita, amayi anauza amalume motsitsa mawu kuti nkhani zina azisunga, chifukwa safuna kuti pakhomo pathu pazitchedwa pa abodza. Anatenga mwala uja, anaima pa mpando, n'kuuika padenga la khitchini pamodzi ndi miyala ina yopsinja malata kuti asauluke ndi mphepo. Nditawafunsa amayi kuti ephareya n'chiyani, anati iwo Chilomwe cha ku gombe sachidziwa bwino, koma ndi nyanja basi. Ndinalemba m'kope: ephareya, nyanja.

Nkhaniyo sinathere pabwalo. Pasanathe mwezi, pamjigo munthu akanama anzake ankati, imeneyo ndiye nkhono ya amalume. Ana a sukulu anaitola. Ankainena ngakhale ine ndili pomwepo, ena osadziwa n'komwe kuti amalumewo ndi anga. Ndipo amalume anasiya kukamba. Wobwera ndi njinga ankangouzidwa kuti chubu chabooka pawiri, basi. Chete wa munthu wobadwa wachete ndimamudziwa, ndi wanga, sapweteka kwenikweni. Koma chete wa munthu amene anali wa nkhani ndi wina. Pansi pa mango paja pankangomveka pampu ndi kutsokomola. Ndinkafuna anthu adziwe kuti sananame, kuti ayambenso kuyankhula, koma sindinkadziwa poyambira.

Mvula inabwera n'kupita, mwala uli padenga. Teremu yachitatu ya Fomu 1, madamu a Jogalafe anatiphunzitsa za mitundu ya miyala. Anafotokoza m'Chingerezi, ataona kuti tangoti maso tuzu anabwereza m'Chichewa. Anati zamoyo zina zakale zikafa zinkakwiririka m'matope pansi pa nyanja, ndipo patapita nthawi yaitali zinkasanduka mwala, choncho zimapezeka pamene panali nyanja yakale imene inaphwa. M'buku munalibe chithunzi. Madamu anafunsa ngati pali funso. Dzanja langa linafika paphewa n'kubwerera.

M'malo mofunsa, ndinaganiza ndekha, ndipo apa ndi pamene ndinasokera. Nyanja imene imaphwa ndinkaidziwa. Aliyense ku Phalombe amadziwa kuti Chilwa zaka zina imathawa, anthu n'kumayenda ndi njinga pamene pankadutsa mabwato. Ndinalemba kuti: ngati nkhono za mwala zimapezeka pamene nyanja yaphwa, ndiye kuti ku Chilwa ziliko. Ndikapeza ina yofanana ndi ya amalume, ya kuno kwathu, ndikaiika m'manja mwa aneba, sadzasekanso.

Tchuthi chitafika ndinapempha kuti ndikathandize amayi aang'ono, amene amayanika matemba padooko lina ku Chilwa. Amayi anadabwa, chifukwa ine sindipempha ulendo, koma analola. Tinayenda pa njinga kuyambira m'mawa, ine pa kaliyala, mpaka dzuwa litapendeka.

Chaka chimenecho madzi anali atabwerera kutali ndithu. Kuchoka pamene pankathera njedza kukafika pamadzi panali chigwa cha matope ouma, ong'ambikang'ambika, ndipo mabwato ena anali atagona pouma. Ntchito yanga inali kumwaza matemba pathandala m'mawa ndi kumawatembenuza. Dzuwa likafika pamutu amayi aang'ono ankandimasula, ine n'kutenga chitini chakale cha majarini ndi supuni yothyoka, ulendo kumatope.

Zigoba za nkhono zinalipo zambiri. Zina zozungulira ngati mabatani, zina zosongoka, zina zazikulu zakuda. Chilichonse ndinkachigogoda ndi supuni kuti ndimve ngati chalira ngati mwala. Zonse zinkalira ngati chigoba cha dzira. Ndinkakumba m'ming'alu mpaka m'chigongono, poganiza kuti zapansi ndiye zakale. Zimene zinali zosasweka ndinkazitsuka, kuziyanika pa kansalu, n'kuzikulunga m'timapepala tolembapo malo: pafupi ndi bwato lobooka, kuseri kwa njedza, pamene pamamwera ng'ombe. Amayi aang'ono ankaganiza kuti ndikutolera agogo ena zigoba zowotcha zosakaniza ndi fodya. Nditawauza kuti ayi, anati, "Nanga udya? Mwana wa achemwali uyu, anzake akutola nsomba iye akutola nyumba za eni ake." Koma anandipatsa chitini chachiwiri.

Pali chinthu china chimene ndimachita nacho manyazi, koma chili m'kope, ndiye ndichinene. Ndinasankha chigoba chimodzi chozungulira, chofananako ndi cha amalume, n'kuchikwirira m'matope onyowa, n'kuzikapo bango. Madamu anati nthawi yaitali. Ndinachipatsa masabata atatu. Tsiku loti ndizibwerera kwathu ndinakachifukula. Chinali chigoba chomwe chija, chongoda, ndipo nditachipana ndi zala chinaphwanyika.

Ndinafika kunyumba ndi zitini ziwiri za zigoba, popanda mwala ngakhale umodzi. Amalume anandilonjera, anafunsa ngati madzi ali kutali, n'kubwerera ku chubu chawo. Patsamba la tsiku limenelo pali mzere umene ndinaufuta kwambiri mpaka bolopeni inaboola pepala. Ndikudziwabe zimene unanena. Unati: mwina amalume ananamadi. Ndinaufuta chifukwa ndinakumbukira mmene anagwirira mwalawo pouonetsa anthu, ndi manja awiri, ngati mmene amagwirira mwanapiye.

Panatsala njira imodzi, imene ndinkaizemba kuyambira pachiyambi: kufunsa ndi pakamwa. Sukulu itatsegulidwa, ndinadikira tsiku limene amayi anapita kuchigayo. Ndinayamba ndafuna mwala wina wolemera mofanana, chifukwa mphepo ya kwathu siseka ndi malata. Ndinakwera pa mpando, ndinasinthanitsa. Chaka chonse padenga mwalawo unali utagona chafufumimba, choncho nkhono ija inali yosawonongeka, kupatula kangaude amene anamanga m'kachipinda kamodzi. Ndinamutulutsa ndi kaudzu.

Ndinayenda nawo m'chikwama masiku atatu. Tsiku lililonse ndinkafika pakhomo la ofesi ya aphunzitsi, kuima, n'kupitirira ngati ndikupita kumjigo. Lamba wa chikwama anayamba kusosoka. Tsiku lachinayi madamu anatuluka ndili chiimire pomwepo, manja awo ali ndi choko.

"Iwe, masiku onsewa ukulondera chitseko chathu. Wina wakulemba ntchito?"

Ndinangotsegula chikwama n'kuwapatsa mwala ndi manja awiri. Anautembenuza uku ndi uku, mpaka ndinaganiza kuti ndalakwa. Kenako anapukuta manja awo pa siketi, ngakhale anali ataugwira kale, n'kukhala pansi pakhonde. Anandiuza kuti ndikhale nawo. Anati dzina lake ndi amonaiti, kanyama ka m'nyanja kamene kanatha padziko kalekale anthu asanakhaleko, ndipo kankakhala m'chipinda chakunja chokha, tizipinda tinato n'tamene kanasiya pamene kankakula. Anati iwo anangoiona m'mabuku ku koleji, kuigwira kunali koyamba. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi. Zinali zomwezo, timizere tomweto.

Anafunsa kumene ndaitenga. Ndinayamba pang'onopang'ono, maso ali pa nsapato zawo, koma nditayamba sindinaleke. Ndinanena za amalume, za aneba, za denga, za Chilwa. Ndinatulutsa chitini chimodzi. Madamu anamasula timapepala tingapo n'kuwerenga zimene ndinalembapo. Za chigoba chokwirira chija ndinanenanso. Sanaseke pamenepo, anangoluma mlomo.

Kenako anati kulakwa ndi kwawo. Anati m'Chingerezi anatchula mawu ena, koma pomasulira ananena kuti nyanja, chifukwa Chichewa chili ndi liwu limodzi lokha la madzi onse aakulu. Nyanja imene ankanena si ngati Chilwa ayi, ndi ija yaikulu ya mchere.

"Koma madamu, Chilwa nayonso ndi ya mchere," ndinatero. "Ndinalawa."

Apa ndiye anaseka, mpaka aphunzitsi ena anasuzumira pawindo. Anati ndanena zoona, ndipo ndisasiye kulawa zinthu. Anafotokoza kuti Chilwa ndi mwana wa dzulodzulo poyerekeza ndi nyanja ya amonaiti, ndiponso kuti miyala ya kwathu kuno ndi ya mtundu wina, yosasunga zoterezi, choncho ndikanakumba mpaka kukalamba osaipeza. Anafunsa kuti amalumewo ananena liwu lanji. Ndinatsegula kope langa lobiriwira pamaso pa munthu kwa nthawi yoyamba, ndikuphimba mizere ina ndi dzanja, n'kuwaonetsa. Madamu kwawo ndi kuchigawo chapakati, Chilomwe sachimva. Anati ndikafunse mwini wake, ndipo ndikawauze kuti Loweruka akufuna kudzawaona.

Masana omwewo ndinakakhala pansi pa mango, pafupi kuposa mmene ndinkakhalira kale. Amalume ankapala chubu ndi kachitsulo. Ndinawafunsa ngati ephareya ndi chimodzimodzi Chilwa. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Chilwa? Chilwa ndi beseni, mwana iwe." Anatsokomola. "Chilwa ikathawa, anthu amalira chaka chonse. Ephareya imathawa kawiri pa tsiku n'kubwerera yokha, palibe amene amadandaula. Ndipo ilibe tsidya."

Anali mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva kwa iwo chaka chimenecho. Ndinawauza kuti mwala wawo ndinautsitsa, ndiponso kuti aphunzitsi anga akubwera. Anasiya kupala. Anafunsa ngati akubwera kudzaseka nawo. Ndinati ayi. Anati tiona, koma Lachisanu ndinawaona akuchapa malaya awo oyera.

Loweruka linakumana ndi tsiku lopuntha nandolo, ngati chaka chapitacho, ndipo aneba analipo ndi lichero lawo. Madamu anafika pa kabaza, fumbi lili m'miyendo. Amayi anasokonezeka, anathamangira mpando, akundiyang'ana ndi diso lofunsa kuti ndapalamula chiyani. Madamu anakana mpando, anakhala pamkeka, analonjera aliyense, kenako anati abwera kudzaphunzira kwa bambo amene anapeza mwala uwu. Anautulutsa m'chikwama chawo atakulunga m'mpango.

Amalume poyamba ankayankha mwachidule. Inde. Ayi. Pamwamba. Madamu anafunsa mtundu wa mwala wa phirilo, ngati unali woyalana ngati mabuku, ngati munkapezeka zigoba zina. Pa funso limenelo amalume anawongoka. Anati zinalimo zambiri, zina zazikulu ngati gudumu la wilibala, zoti amuna awiri ankavutika kunyamula, ndipo zonse zinkapita kukawotchedwa kuti apange laimu.

"Ayambapotu," anatero aneba, osakweza maso pa lichero. "Chaka chatha inali ya m'manja, lero yafika pa wilibala."

Anthu anaseka pang'ono, akuyang'ana madamu. Madamu anangofufuza pafoni, n'kupatsa aneba kuti aone okha chithunzi cha munthu ataima pambali pa amonaiti yomufika m'chiuno. Foniyo inayenda m'manja onse. Madamu ananena kuti phiri la amalume linalidi pansi pa nyanja, ndipo nthaka inakwera pang'onopang'ono madzi n'kuchoka. Aneba anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anachitalikitsa, anachiyandikitsa.

"Ndiye kuti sinakwere phiri," anatero. "Phiri ndi limene linainyamula."

"Kabaza wake anali phirilo, mayi," anayankha amalume. "Ndipo silinalipiritse."

Kuseka kwa ulendo uno kunali kwina, ndipo amalume anaseka nawo mpaka chifuwa chinawagwira. Chitawasiya, anthu anali akudikira. Amalume anapitiriza. Anakamba za madzi othawa kawiri pa tsiku, za akazi otola nkhanu pamchenga madziwo akachoka, za mmene anasanzira tsiku loyamba kukwera boti. Nandolo tsiku limenelo sitinamalize.

Madamu atapita, amayi anatola mwala uja pamkeka, anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukauika m'kabati mmene mumakhala makapu a alendo. Anangondifunsa ngati padenga ndinasiyapo china. Nditati inde, anati chabwino.

Mawa lake titabwerako kutchalitchi amalume anandiitana. Anatsegula bokosi la masipanala, anachotsa zitsulo zonse, ndipo pansi penipeni panali kansanza ka mafuta. M'katimo munali amonaiti ina, yaing'ono ngati chitsekerero cha botolo, yathunthu, yosabenthuka paliponse. Anati imeneyi sanaonetse munthu, chifukwa anaona zimene zinachitikira mkulu wake. Anaiika m'dzanja langa n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

Ndinaitsuka ndi sopo ndi mswachi wakale. Pano imakhala m'bokosi la machesi, m'katoni imodzi ndi zigoba za ku Chilwa, zimene madamu anati ndisataye chifukwa kutola ndi kulemba malo ndiyo ntchito yeniyeniyo. Kapepala kake kanandivuta, popeza phirilo sindinafikeko. Ndinapita pansi pa mango ndi bolopeni kukafunsa dzina la malowo ndi mmene amalembera. Panali bambo wina ndi njinga yake, chubu chitamatidwa kale, atakhala pa njerwa, pakamwa pali yasa. Ndinadikira kuti amalume amalize nkhani, koma sinkatha. Choncho ndinakhala pansi, ndinatsegula kope, n'kuyamba kulemba zimene ankanena.